Pulogalamu Ifike Kumudzi Ili M'phukusi Limodzi

Lolemba lina m'mwezi wa Januwale, mvula ikulira pamalata, alangizi a zaulimi 14 anasonkhana m'holo ya pa boma lina kudzaphunzira pulogalamu ya pakompyuta yolembera zokolola ndi malonda a makalabu a alimi. Ine ndinapita m'malo mwa ofesi yathu yofalitsa nkhani, kuti ndikajambule zithunzi ndi kulemba nkhani yosangalatsa. Nkhani yosangalatsayo sindinailembe. Mwa malaputopu 14, pulogalamu inatseguka m'anayi okha. Ena ankangoonetsa mawu a Chingerezi onena kuti pali chinthu chimene chikusowa, ndipo awiri ankafuna pasiwedi ya mkulu woyang'anira makompyuta, yemwe anali ku likulu, foni yake isakupezeka. Mnyamata amene analemba pulogalamuyo anakhetsa thukuta mpaka Lachitatu, uku akubwereza mawu amodzimodzi akuti, “Komatu pa kompyuta yanga ikugwira bwinobwino.”

Sankanama. Pa kompyuta yake inkagwiradi. Koma ndalama za chakudya, malo ogona ndi mayendedwe zinatha, ndipo mayi wina wachikulire, amene wakhala mlangizi zaka zambiri, anamuuza mnyamatayo mwaulemu kuti, “Achimwene, ife tibwerere kaye ku makope athu. Mukaikonza mudzatipeza.”

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikufunsa akatswiri za chimene chinachitika. Zimene ndapeza n'zakuti kulemba pulogalamu ndi ntchito ina, ndipo kuifikitsa kwa woigwiritsa ntchito ili yathunthu ndi ntchito inanso, imene mabungwe ambiri saiikira ndalama kapena nthawi.

Malangizo ndi womasulira wake

Mapulogalamu ena, akangolembedwa, amasinthidwa kamodzi n'kukhala m'chinenero chimene makina amamva okha. Oterewa amathamanga, koma opangidwira Windows sagwira pa Linux kapena pa makompyuta a Apple. Ena amakhala monga mmene analembedwera, ngati malangizo oti munthu wodziwa angathe kuwerenga, ndipo amafuna pulogalamu ina yoti iziwerenga malangizowo mzere ndi mzere n'kumauza makina zochita. Pulogalamu yachiwiriyi tiitche womasulira, pakuti ntchito yake n'chimodzimodzi ya munthu amene amaima pambali pa mlendo pamsonkhano wa kwa mfumu. Zinenero monga Tcl, Python, Perl, Ruby ndi JavaScript zimayenda motere. Tcl anaiyambitsa John Ousterhout pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1988, pamene Python inatulutsidwa koyamba mu 1991 ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Malangizo olembedwa kamodzi angathe kugwira pa makompyuta a mitundu yosiyanasiyana, bola pa kompyuta iliyonse pakhale womasulira wake. Kwa bungwe limene makompyuta ake ndi a mphatso, ena ochokera kuno ena uko, ichi si chinthu chaching'ono.

Vuto lagona pa mawu akuti “bola”. Womasulirayo ayenera kukhalapo, ndipo akhale wa mtundu woyenera. Python 3 itatuluka mu 2008 inasiyana ndi Python 2 kwambiri moti malangizo ambiri akale anasiya kumveka, ndipo mitundu iwiriyi inayendera limodzi mpaka pa 1 Januwale 2020, pamene eni ake anasiya kusamalira Python 2. Nayonso Python 3.9 ndi yotsatira yake sizigwira pa Windows 7, chikhalirecho m'maofesi ena a kumidzi makompyuta a Windows 7 akadalipo. Kuwonjezera apo, wolemba pulogalamu salemba zonse yekha. Amabwereka zigawo zolembedwa ndi anthu ena, monga chojambulira ma grafu kapena chowerengera mafayilo a Excel, ndipo chigawo chilichonse chimadaliranso zigawo zina. Pa kompyuta ya wolembayo zonsezi zinalowa pang'onopang'ono, iye mwini n'kuiwala kuti anaziika. Mumzinda, chosowa amangochikoka pa intaneti m'mphindi ziwiri. M'holo muja, netiweki inkapezeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa zimbudzi, ndipo mvula inali ikugwa.

Nzeru ya Wippler

Vuto limeneli si la kwathu kokha ndipo si latsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa 2000, katswiri wina wa ku Netherlands, Jean-Claude Wippler, analimbana nalo pakati pa ogwiritsa ntchito Tcl, ndipo yankho lake ndi limene ine ndimaliona kuti ndi laudongo kuposa ambiri amene anabwera pambuyo pake.

Iye anagawa nkhaniyi pawiri. Mbali yoyamba ndi zonse zimene zimadalira mtundu wa makina: womasulira wa Tcl, zida za Tk zojambulira mawindo ndi mabatani, ndiponso kankhokwe kakang'ono kosungira zinthu kotchedwa Metakit, kamene iye mwini analemba. Zonsezi anaziphatikiza mu fayilo imodzi yotchedwa Tclkit, yolemera megabayiti imodzi kapena ziwiri basi. Windows inali ndi Tclkit yake, Linux yake, Mac yake, ndi mitundu inanso ya makompyuta. Tclkit sinkafuna kuikidwa mwa mwambo uliwonse. Munthu ankangoikopera pamene wafuna, ndipo akatopa nayo ankangoifufuta, osasiya zinyalala m'makina.

Mbali yachiwiri ndi pulogalamu yeniyeniyo: malangizo, zithunzi, zigawo zobwereka ndi zolemba zothandizira. Izi zonse zinkalowa mu fayilo inanso imodzi yotchedwa Starkit. Starkit yokhala ndi malangizo okhaokha inkagwira paliponse pamene pali Tclkit, popanda kusintha kanthu. Amene munagwiritsapo wailesi ya kaseti mukudziwa kale kayendedwe kake: wailesi zimasiyana opanga ndi maonekedwe, koma kaseti imodzimodziyo imalira mu iliyonse. Nyimbo zatsopano zikatuluka simugula wailesi ina. Chimodzimodzinso, pulogalamu ikakonzedwa, chimene chimatumizidwa ndi Starkit yokha, kafayilo kakang'ono koti n'kudutsa ngakhale pa intaneti yofooka.

Chinsinsi chake chinali chakuti fayilo imodziyo inkaoneka kwa womasulira ngati foda yokhala ndi mafoda ena m'kati mwake. Malangizo akanena kuti tsegula chithunzi chakuti m'foda yakuti, womasulira ankachipeza m'kati mwa phukusi lomwelo, osafunika kumasula phukusilo n'kumwaza katundu pa kompyuta. Izi zinatheka chifukwa Tcl 8.4, imene inatuluka mu 2002, inabwera ndi njira yolola fayilo kuonedwa ngati foda, ntchito imene Vince Darley anaigwira kwambiri. Wolemba pulogalamu sankafunika kusintha kalembedwe kake. Ankagwira ntchito m'foda wamba, akamaliza n'kulamula kachida kotchedwa SDX kuti kakulunge fodayo. Kachida komweko kankathanso kumasula phukusi, motero katswiri wina ankatha kuona zimene zili m'kati n'kukonza cholakwika.

Kwa anthu amene ngakhale mafayilo awiri ndi ambiri, panali njira yachitatu: kumata Tclkit ndi Starkit pamodzi n'kukhala fayilo imodzi yongodina, yotchedwa Starpack. Chosangalatsa n'chakuti munthu wokhala pa Linux ankatha kupanga Starpack ya Windows popanda kukhudza kompyuta ya Windows, pongotenga Tclkit ya Windows n'kumatapo pulogalamu yake. Steve Landers wa ku Australia ndi amene anafotokoza bwino zonsezi pa msonkhano wa akatswiri a Tcl umene unachitikira ku Vancouver mu 2002.

Nditamva dzina lakuti Starpack ndinaseka, pakuti linandikumbutsa sitata paki imene alimi a ku Malawi analandira kuyambira mu 1998. Mayinawa anangofanana mwangozi, koma ganizo lake ndi limodzi. M'thumba muja munali makilogalamu 2 a mbewu ya chimanga, makilogalamu 15 a feteleza ndi kilogalamu imodzi ya mbewu ya mtundu wa nyemba, zokwanira kagawo kamodzi mwa magawo 10 a hekitala. Pa mkangano wa ubwino ndi kuipa kwa ndondomekoyo sindilowapo. Chimene ndikunena n'chakuti mlimi sanapatsidwe mbewu yokha n'kuuzidwa kuti feteleza akamufune yekha ku tauni.

Tcl lero si chinenero chotchuka monga Python, ndipo achinyamata ambiri olemba mapulogalamu sanamvepo za Starkit. Komabe ganizolo silinafe. Tcl 9.0, imene inatuluka mu Seputembala 2024, ili ndi njira yakeyake yoonera fayilo ya zip ngati foda ndi kuimata kwa womasulira.

Mmene ena achitira

Ku mbali ya Python, njira zilipo zingapo ndipo palibe imene yathetsa zonse. Kuyambira pa Python 2.6 womasulira amatha kuyendetsa pulogalamu yokulungidwa mu fayilo ya zip, ndipo Python 3.5 ya mu 2015 inabwera ndi kachida kotchedwa zipapp kopangira mafayilo otere. Imeneyi ndi kaseti yopanda wailesi: Python iyenera kukhala ilipo kale pa kompyuta. Ofuna kutumiza zonse pamodzi amagwiritsa ntchito zida monga PyInstaller, imene imasonkhanitsa womasulira, zigawo zobwereka ndi malangizo. Koma PyInstaller siwoloka malire. Phukusi la Windows liyenera kupangidwira pa Windows, la Mac pa Mac, la Linux pa Linux.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ntchito zathu ndi Kolibri, pulogalamu ya maphunziro yogwira popanda intaneti, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality la ku San Diego. Inatuluka mu 2017 m'malo mwa KA Lite, imene inayamba mu 2012 pofuna kufikitsa maphunziro a Khan Academy kumalo opanda intaneti. Kolibri inalembedwa mu Python, ndipo popeza eni ake amadziwa kuti ikupita kumene kulibe katswiri, amailongedza m'maphukusi osiyanasiyana: la Windows, la Debian ndi Ubuntu, la Mac, la mafoni a Android, ngakhalenso la kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Imaikidwa pa kompyuta imodzi, ndipo ophunzira amalumikizako mafoni kapena matabuleti awo kudzera pa netiweki ya m'chipinda chomwecho. Maphunziro enieniwo ndi osiyana ndi pulogalamu, moti angathe kubwera pa fulashi.

Palinso njira zolemera. Electron imatenga pulogalamu ya JavaScript n'kuikulunga pamodzi ndi bulawuza yathunthu ya Chromium, motero ngakhale kapulogalamu kochepa kamafika cha m'ma megabayiti 100. Docker, imene inatuluka mu 2013, imanyamula pulogalamu ndi malo ake onse ogwirira ntchito, ndipo ndi yothandiza kwambiri pa makompyuta akuluakulu a ku likulu. Kwa mlangizi amene amagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake, kulemera kwa phukusi ndi nkhani ya ndiwo za tsiku limenelo, ndipo ine ndimaona kuti olemba mapulogalamu a m'mizinda saiganizira mokwanira.

Ambiri mwa inu mwagwiritsapo kale nzeru ya wailesi ndi kaseti osadziwa. ODK, imene inayambira pa yunivesite ya Washington mu 2008, ndi KoboCollect imene inachokera kwa iyo, zimayenda motero. Pulogalamu imaikidwa m'foni kamodzi. Mafunso a kafukufuku, kaya ndi a kalembera wa alimi kapena a sikelo ya ana, amabwera padera ngati fomu yaing'ono, imene munthu wodziwa Excel angathe kuilemba. Kafukufuku watsopano akabwera, chimene chimasintha ndi fomu yokha. N'chifukwa chake zida zimenezi zafalikira m'mabungwe ambiri a m'chigawo chathu chino popanda katswiri kuyendera foni iliyonse.

Mtengo wa phukusi limodzi

Pasakhale wina woganiza kuti kulongedza zonse pamodzi kulibe zovuta zake. Choyamba ndi ichi: phukusi lililonse limanyamula zigawo zake, ndipo chigawo chikapezeka ndi chibowo cholowera akuba, chibowocho chili m'phukusi lililonse limene munagawa. Mu Epulo 2014 kunapezeka vuto lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, chigawo chimene mapulogalamu ochuluka amadalira pobisa uthenga. Mu Disembala 2021 vuto linanso lalikulu linapezeka mu Log4j, chigawo cha mapulogalamu a Java. Pa nthawi zonse ziwiri, ntchito yowawa inali kufufuza kuti chigawocho chabisala m'maphukusi ati. Kumene chigawo chili chimodzi pa kompyuta yonse, kukonza kamodzi kumakwana. Kumene pulogalamu iliyonse ili ndi chake, wopanga aliyense ayenera kulongedzanso ndi kutumizanso, ndipo ngati wopangayo anachoka ntchito thandizo la pulojekiti litatha, palibe amene adzachite.

Chachiwiri ndi kukayikiridwa. Fayilo yongodina yochokera kwa munthu wosadziwika imafanana ndi mmene mavairasi amabwerera, ndipo mapulogalamu oteteza kompyuta nthawi zina amaimanga ngakhale ilibe mlandu. Maphukusi a PyInstaller amakumana ndi zimenezi kawirikawiri. Windows imachenjeza za pulogalamu yopanda siginecha ya wopanga, ndipo makompyuta a Apple amakana kutsegula mwachisawawa pulogalamu imene Apple sinaiunike. Siginecha yoteroyo imagulidwa, ndipo ndalama yake iyenera kulowa mu bajeti. Choopsa kwambiri n'chakuti alangizi akazolowera kudina “pitirira” pa chenjezo lililonse, kapena kuzimitsa choteteza kuti pulogalamu ya ku ofesi igwire, tsiku lina adzatsegulira khomo vairasi yeniyeni. Tonse tikudziwa mmene fulashi imodzi yoyenda m'maofesi imasandutsira mafoda onse kukhala njira zachidule zosatsegula kanthu.

Chachitatu, chimene chinatiluma ife, ndi malo osungira zolembedwa. Phukusi la fayilo imodzi la PyInstaller silichita monga Starkit. Likadinidwa limamasulira katundu wake m'foda yongoyembekezera, ndipo pulogalamu ikatsekedwa fodayo imafufutidwa. Ichi n'chifukwa chake limachedwa kutseguka pa makompyuta akale. Koma ngati wolemba pulogalamu anailamula kuti izisunga zolembedwa pambali pa malangizo ake, ndiye kuti zolembedwazo zimalowa m'foda yomweyo n'kufufutidwa nayo limodzi. Mayina a alimi, matumba a mtedza, ngongole za banki mkhonde, zonse ziyenera kukhala mu fayilo yawoyawo, pamalo odziwika, yoti mlangizi angathe kuikopera pa fulashi Lachisanu lililonse. Ambiri amagwiritsa ntchito SQLite pa ntchito imeneyi, nkhokwe imene D. Richard Hipp anaiyamba mu 2000, yosunga zonse mu fayilo imodzi. Inayamba ili yogwirizana kwambiri ndi Tcl, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android.

Zofunsa musanalandire

Mlangizi kapena mlembi wa kopaletivi safunika kudziwa kulemba mapulogalamu kuti afunse mafunso oyenera. Funso loyamba, limene limavundukula zambiri, ndi lakuti: kodi pulogalamuyi ingaikidwe kuchokera pa fulashi, intaneti itazimitsidwa, pa kompyuta imene wopangayo sanaikhudzepo? Musakhutire ndi yankho la pakamwa. Mupatseni laputopu yakale kwambiri ya mu ofesi mwanu, muzimitse intaneti, ndipo amene aike pulogalamuyo akhale mmodzi wa inu, wopangayo atapinda manja. Izi zichitike sabata ziwiri maphunziro asanayambe, makalata oitanira anthu asanatuluke.

Funsaninso ngati ikufuna pasiwedi ya woyang'anira makompyuta, kumene imasunga zolembedwa zanu, ndi chimene chimachitika kwa zolembedwazo mtundu watsopano ukabwera. Mtundu watsopanowo udzafika bwanji, ndipo udzalemera megabayiti zingati? Nanga ukakhala ndi vuto, n'zotheka kubwerera ku wakale? Apa mpamene phukusi limodzi limapambana, pakuti fayilo yakale mungathe kungoisunga pambali. Ndipo popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndi Windows 10 ya anthu wamba mu Okutobala 2025, ndi bwino kudziwiratu ngati pulogalamuyo ingagwirenso pa Linux, imene mitundu yake ina imayenda bwino pa makompyuta okalamba.

Kwa akuluakulu a mabungwe ndili ndi pempho limodzi lokha. Mukamalemba mgwirizano ndi wopanga pulogalamu, mulembemo kuti adzasiye malangizo ake osakulunga pamodzi ndi kalata yofotokoza mmene phukusi limapangidwira. Bungwe limene lili ndi fayilo yongodina yokha lili ngati munthu amene ali ndi buledi koma alibe ufa kapena uvuni.

Mnyamata uja sanagwe ulesi. Atabwerera ku likulu anabwereka laputopu yakale kwambiri mwa 14 aja, n'kupangira phukusi lake pa iyo, popeza chopangidwira pa Windows yakale nthawi zambiri chimagwiranso pa yatsopano, pamene chopangidwira pa yatsopano chimatha kukana pa yakale. Ulendo wachiwiri pulogalamu inatseguka paliponse, koma mawa lake alangizi anapeza kuti zonse zimene analemba dzulo zapita, chifukwa cha foda yongoyembekezera ija. Mwamwayi zinali zoyeserera chabe. Anakonzanso, n'kusiya phukusi la fayilo imodzi, n'kupanga la foda imodzi limene limatseguka msanga, ndipo zolembedwa anazipatsa malo ake m'foda ya Documents.

Pofika nthawi yokolola mtedza, alangizi 13 anali akugwiritsa ntchito pulogalamuyo. Laputopu ya nambala 14 inali ya mayi wachikulire uja, ndipo choteteza cha m'menemo chinkamanga pulogalamuyo nthawi iliyonse fulashi ikalowa. Mayiwo anakana kuzimitsa chotetezacho, ponena kuti anawaphunzitsa kuti asamatero, ndipo mnyamatayo anavomera kuti akunena zoona. Pempho la ndalama zogulira siginecha linapita ku ofesi ya zachuma, ndipo podikira yankho mayiwo ankalemba m'kope, Loweruka lililonse n'kukalowetsa manambala awo pa laputopu ya mlangizi mnzawo wa dera loyandikana nalo.